Sitima ya usiku yopita ku London, ndi nkhani imene ndinkaidulira panjira

"Nanga ana aja anawatani?"

Anandifunsa choncho ndi mayi ena achikulire a ku Scotland, nthawi ili cha m'ma 2 koloko usiku, sitima ikudula mdima kumpoto kwa England. Dzina lawo sindinafunse, iwonso langa sanafunse. Koma mpaka pano, ndikamavala yunifolomu kukonzekera shifiti, funso lija limangobwera lokha osaliitana.

## Chimene chinandikweza

Ndimakhala ku Glasgow, ndipo ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, monga ambiri a ife amene tabwera kuno zaka zapitazi. Kuyambira Sepitembala 2022, m'magulu athu a WhatsApp munkangozungulira chithunzi chimodzi: John Chilembwe ataima pa Trafalgar Square, pakatikati pa London, chipewa chili kumutu. Aliyense wofika ku London ankajambulitsa pamenepo. Ine ndinkangoti ndipita, ndipita, mpaka ndinamva kuti malowo ndi obwereka, 2024 isanathe chiboliboli chija achitsitsa.

Tsiku la Chilembwe, 15 Januwale 2024, linagwa Lolemba, ndipo ndinali pa ofu. Vuto linali kogona. Hotelo ya ku London imadya malipiro a masiku angapo usiku umodzi wokha. Mnzanga wa ku Zambia amene timagwira naye ntchito ndi amene anandiuza za Caledonian Sleeper. Imanyamuka pa Glasgow Central 11 koloko usiku itadutsa, kukacha uli pa Euston, ndipo imayenda usiku uliwonse kupatula Loweruka. Sitima zamasana zimatha mtunda umenewu, makilomita oposa 600, m'maola 4 ndi theka. Iyi imachita dala kuyenda mwachifatse, maola oposa 7, kuti anthu agone. Ulendo ndi kogona pa tikiti imodzi, mutu wa Mmalawi sungakane zimenezo.

## Bogi ya mipando

Musanyengedwe ndi zithunzi za pa intaneti zoonetsa bedi loyala bwino ndi kabafa kake. Zimenezo ziliko ndithu, m'mabogi atsopano amene anayamba kuyenda mu 2019, koma ndi za anthu a zipinda. Ife a matikiti otchipa tili ndi bogi yathu ya mipando. Ndinalipira mapaundi oposa 50 pang'ono. Pampando ndinapeza kaphukusi, m'kati mwake muli kansalu kophimba m'maso ndi totseka m'makutu. Pamwamba pali kabokosi kokhoma koikamo chikwama cha ndalama ndi foni. Mpando umapendekera kumbuyo pang'ono chabe, magetsi amawachepetsa koma sawazimitsa.

Tisanafike n'komwe pa Motherwell, bogi yonse inali itasanduka nyumba ya siwa: aliyense wapeza potsamira mutu, nsapato zavulidwa, wina wafunda jekete, wina akutsokomola mobisa, olankhula akungonong'ona.

Tsidya lina la kanjira kapakati kunali mayi aja. Tsitsi lambuu, juzi yoluka pamanja, fulasiki ili pamiyendo. Tinangogwedezerana mitu basi, monga amachitira anthu kuno.

Anatiyambitsa kucheza ndi Carstairs. Pamenepo sitima imaima kudikira mabogi ochokera ku Edinburgh kuti awalumikize, ikhale sitima imodzi ya mabogi 16. Palibe anandichenjeza. Ndinali nditangoyamba kusinza pamene ndinamva gu! bogi yonse n'kugwedezeka. Ndinadzambatuka nditagwira chikwama. Mayi aja anaseka chapansipansi.

"Musaope bambo. Ndi a ku Edinburgh awo. Sangalowe malo anthu osadziwa kuti afika."

Amene wakhalako ku Glasgow akudziwa kuti mizinda iwiriyi siitha kunyogodolana. Ndinaseka, iwo n'kutsegula fulasiki, kenaka funso lija timalidziwa tonse: kwanu n'kuti?

## Malawi wa m'thumba

Ukanena kuti Malawi ku Scotland, nkhope ya munthu wachikulire imawala. Sizili ngati kwina kumene amayamba akufunsa ngati ndi Mali kapena Maui. Kuno amatidziwa. Blantyre weniweni, kwawo kwa David Livingstone, ndi katauni ka m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, kufupi ndi Glasgow komweku. Maboma awiriwa anasainirana mgwirizano mu 2005, nthawi ya a Bingu wa Mutharika ndi a Jack McConnell. Ana asukulu amasonkha ndalama za phala la Mary's Meals. Mayi aja anati mpingo wawo uli pa ubale ndi mpingo wina wa CCAP, ndipo iwo analukapo tizipewa ta makanda topita kuchipatala china kwathu.

Pa nthawi ngati imeneyi ndili ndi Malawi wanga wa m'thumba amene ndimatulutsa. Nyanja, chambo, phiri la Mulanje, anthu ansangala, zikomo kwambiri chifukwa cha thandizo lanu. Si bodza ayi. Koma ndi nkhani yosadzulidwa bwino, yoti munthu aimve n'kukagona mtima uli m'malo. Kuntchito ndimaitulutsa kangapo pa sabata, ndikusintha mabedi kapena kumwetsa munthu tiyi.

"Nanga ku London mukukatani?"

Ndikanatha kunena kuti kukaona abale, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ndinatulutsa K500 imene imakhala kuseri kwa makhadi m'chikwama changa, n'kuwapatsa. Anavala magalasi, anayatsa kagetsi kowerengera, n'kuyang'anitsitsa nkhope ija. Zaka zonsezi akulukira Malawi tizipewa, dzina la Chilembwe anali asanalimvepo.

## Nkhani itafika pa Magomero

Chigawo choyamba chinayenda bwino. Ndinawauza za mnyamata wa ku Chiradzulu amene anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, n'kukaphunzira zaubusa ku Lynchburg, ku Virginia. Anabwerako mu 1900, anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, anatsegula masukulu, anamanga tchalitchi cha njerwa. Ndinawauza za kalata imene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, nkhondo itapha kale anthu ku Karonga, yofunsa chifukwa chimene amphawi akuda azifera nkhondo ya eni chuma. Mayi aja ankangovomera ndi mutu. Nditafika pa chithunzi cha 1914, chimene Chilembwe anajambulitsa ataima ndi mmishonale John Chorley, chipewa osavula, pa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akaona mzungu, anamenya kadzanja pabondo.

"Ameneyo ndiye m'busa!"

Apa ndi pamene ndimaimira nthawi zonse. Ngakhale kwathu, zolankhula za pa 15 Januwale zimakonda kudumpha kuchoka pa kalata kukagwera pa imfa yake, zapakatipo n'kungoti "anaukira atsamunda".

Sitima inaima pa Carlisle, pulatifomu ili mbee, yopanda munthu. Itanyamukanso anafunsa kuti, "Ndiye anamuphera kalatayo?"

Masana, pa basi kapena pa shopu, ndikanapeza pothawira. Koma m'sitima ya usiku mulibe kolowera. Kutsogolo kuli maola asanu, pawindo ukungodziona wekha, ndipo munthu amene wakufunsayo sudzakumana nayenso. Ndinapitiriza.

Ndinawauza za thangata. Alomwe ochokera ku Mozambique, agogo awo a bambo anga ali m'gulu lomwelo, ankapatsidwa pokhala pa esiteti, malipiro ake n'kukhala miyezi yolima thonje ndi fodya wa mwini malo, ina ya lendi, ina ya msonkho, chikoti chili pambali. Esiteti ya ku Magomero inali ya A. L. Bruce, banja limene anakwatiwako Agnes, mwana wa David Livingstone. Woyang'anira wake, amene ankatentha matchalitchi a udzu omangidwa ndi anthu a Chilembwe, anali wochokera pa chilumba cha Lismore, konkuno ku Scotland. Dzina lake William Jervis Livingstone.

Nditatchula dzinalo anatsitsa kapu.

Zotsalazo ndinazinena monong'ona, chifukwa kumbuyo kwathu mnyamata wina anali atagona pakamwa pali yasa. Loweruka usiku, pa 23 Januwale 1915, anthu a Chilembwe analowa m'nyumba ya Livingstone, anamubaya ndi mikondo, n'kumudula mutu mkazi wake akuona. M'mawa mwake, Lamulungu, Chilembwe analalikira ku Mbombwe mutu uja uli pamtengo m'tchalitchi. Mawu amenewa ndinawaloweza ndili ku pulayimale ndipo sanandilemerepo. Kuwanong'oneza mayi wa tsitsi lambuu amene wangokugawira bisiketi ndi nkhani ina.

Anakhala chete nthawi yaitali, mawilo okha akugogoda pansi.

"M'nyumbamo munali ana?"

"Munali ana, mayi."

"Nanga ana aja anawatani?"

Ndinawauza zoona: sanawakhudze. Chilembwe analamula kuti akazi ndi ana asaphedwe, ndipo anawatenga n'kuwamasula ali bwinobwino. Anapumira m'mwamba. Ndiye ndinawonjezera zimene sanafunse. Azungu amene anaphedwa kuderalo usiku umenewo anali atatu. Chilembwe anamuwombera pa 3 Febuluwale cha ku Mulanje, akulowera ku Mozambique. Boma linapha anthu pafupifupi 40 litawaweruza mothamanga, ena pafupifupi 300 linawatsekera, tchalitchi cha ku Mbombwe linachiphulitsa, midzi inatenthedwa.

Kenaka ndinadikira. Ndinkafuna afunsenso funso lomwe lija, koma la ana a mbali inayi, a anthu 40 aja, a m'midzi yotenthedwa ija.

Sanafunse. M'malo mwake anati makolo a agogo awo anali a ku Strathnaver, kumpoto kwenikweni kwa Scotland. Mu 1814 eni malo anathamangitsa anthu m'chigwa chimenecho kuti aikemo nkhosa, ndipo nyumba ankazitentha eni ake akuona. Ambiri anathawira kugombe la nyanja, ena ku Canada, ena m'mafakitale a ku Glasgow.

"Ifenso anatitenthera madenga," anatero. "Kenaka ana athu anapita kukatentha a ena."

Anathira tiyi m'chivindikiro cha fulasiki n'kundipatsa. Sitinalankhulenso. Patapita kanthawi ndinawaona atagona, K500 ija ili m'manja.

Mawu awo aja ndawatembenuza kambirimbiri. Tsiku lina ndimaona kuti anandipatsa chinthu chachikulu, anavomera mlandu umene sindinawaimbe. Tsiku lina ndimaona kuti anangoitenga nkhani yanga n'kuisandutsa yawo, Magomero n'kukhala Strathnaver, ana a ku Chiradzulu osatchulidwabe. Zonse ziwiri zimandikwanira. Chimene sindingakane n'chakuti pa mphindi zochepazo anafunsa za ana, pamene ife kusukulu tinkangoloweza madeti, za ana a mbali iliyonse sizinkabwera pa mayeso.

## London kusanache

Anatidzutsa ndi mawu olengeza Watford Junction. Khosi linali litauma gwa, phazi limodzi lachita dzanzi. Pa Euston tinatsika cha m'ma 7 koloko, kunja kudakali mdima, pakuti mu Januwale dzuwa la ku London limatuluka cha m'ma 8. Mayi aja anafuna kundibwezera ndalama ija, ndinati asunge, siikwana ngakhale kotala la paundi.

"Mukam'patse moni m'busa wanuyo," anatero, n'kulowera ku masitepe a sitima za pansi pa nthaka.

Ine ndinasankha kuyenda wapansi kuti miyendo iwongoke. Ubwino wa sitima ndi umenewu: ndege imakutula kutali, uyambenso kusaka ulendo wina, pamene sitima imakulavulira m'mimba mwa mzinda. Kuchoka pa Euston kutsetsereka kudzera ku Russell Square, kudutsa pa mpanda wa British Museum, mpaka Charing Cross Road, ndi theka la ola kapena kuposerapo pang'ono. Nthawi imeneyo London ndi ya otsuka mawindo, otsitsa katundu m'malole, ndi anthu ovala mabaji pakhosi otuluka shifiti ya usiku. Amenewo ndinawazindikira ndi kayendedwe, chifukwa ndi kanga komwe.

Trafalgar Square ndinaifika kukuyera. Choyamba kuona ndi chipilala cha Nelson, mamita oposa 50, mikango inayi yachitsulo itagona m'munsi mwake. M'makona anayi a bwaloli muli nsanja zamiyala. Pa imodzi pali mfumu George IV ili pa hatchi. Pa ziwiri pali akuluakulu a nkhondo, Charles Napier ndi Henry Havelock, amene mbiri yawo anaipangira ku India. Yachinayi anaimanga mu 1841 kuti padzakhale William IV, ndalama zinatha, ndipo inakhala yopanda kanthu zaka zoposa 150. Kuyambira 1999 amaikapo ntchito za aluso mosinthanasinthana.

Pamenepo ndi pamene anaima mwana wa ku Chiradzulu, kumbuyo kwake kuli National Gallery. Anachiumba ndi Samson Kambalu, Mmalawi amene amaphunzitsa ku Oxford, n'kuchitcha Antelope. Anatengera chithunzi cha 1914 chija, koma Chilembwe anamukuza pafupifupi kawiri kuposa Chorley, moti mmishonaleyo amaoneka ngati mwana woperekeza. Ukaima m'munsi umayenera kupendeketsa khosi, ndipo chimene umaona bwino ndi mphepete mwa chipewa, yakuda pa thambo lotuwa. Paphewa pake panali nkhunda.

Ndisaname, m'maso munadzaza misozi. Munthu amene manda ake sadziwika, amene boma la dziko lino linamusaka ngati nyama, ataima kuyang'anizana ndi msewu wopita ku nyumba ya malamulo yawo. Anthu ankangodutsa ndi makapu a khofi, palibe woyang'ana m'mwamba, koma zimenezo sizinandikhudze. Napier ndi Havelock nawonso palibe ankawayang'ana.

Komabe, usiku uja unali udakali m'mutu, ndipo ndinaona chinthu chimene sindikanachiona ndikanabwera pa ndege. Chibolibolicho chimaimira pomwe ine ndimaimira, pa chipewa. Mkondo palibe, Magomero palibe. Sindikumunena waluso ayi, chithunzi chimene anasankha n'choona, ndipo chipewa chija chinali nkhondo payokha. Ndiponso anzake a pa nsanja zinazo sanawaumbe ndi mitembo ya ku Sindh kapena ku Kanpur m'munsi mwawo. Bwalo lonselo ndi la nkhani zosadzulidwa. Kungoti ya Chilembwe ndi yanga, ndiye podulidwapo ndimapadziwa.

Cha m'ma 10 ndinamva kumbuyo kwanga mawu akuti, "Iwe, taima bwino, usatseke agogo akowo." Linali banja lochokera ku Manchester, bambo, mayi ndi ana awiri ovala majekete onenepa, mayi atakulunga chitenje pamwamba pa jinzi.

"Achimwene, ndinu akumudzi?"

"Eya, bambo. Mwaswera bwanji?"

Tinajambulana, tinafunsana za maboma ochokera, tinadandaula limodzi za kwacha imene inali itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala. Kamtsikana kawo kanafunsa m'Chingelezi kuti munthuyo anachita chiyani. Bambo ake anati anakana kuvula chipewa. Ndinangomwetulira, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri sungamuyambe ndi mutu wa pamtengo.

## Kumanda kwa winayo

Masana ndinangoyendayenda. Ndinalowa mu National Gallery chifukwa n'mwaulere ndipo n'mofunda, ndinasinza pa benchi kutsogolo kwa chithunzi chachikulu cha hatchi. Ndinatsika Whitehall, kudutsa pa geti la Downing Street, mpaka Parliament Square pamene pali Mandela atatambasula manja.

Westminster Abbey kulowa ngati mlendo n'kolipira, ndipo si ndalama yochepa. Koma mapemphero a madzulo, 5 koloko, ndi aulere kwa aliyense. Ndinalowa nawo. David Livingstone anamuika pakati pa tchalitchicho mu Epulo 1874, pansi pa mwala wakuda umene anthu amaudutsa ndi nsapato. Anamwalira mu Meyi 1873 kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, ndipo mtima wake anaukwirira komweko. Thupi analiumitsa n'kulinyamula miyezi yambiri mpaka ku Bagamoyo, gulu lotsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, Myao amene anapulumutsidwa ku ukapolo ali mwana. Mawu a pamwalapo amayamba ndi kunena kuti anabwera naye ndi manja okhulupirika, kudutsa pamtunda ndi panyanja. Mayina a eni manjawo palibe.

Kwaya inaimba bwino kwambiri, ine ndikulimbana ndi tulo. Pobwerera ndinakwera basi ya usiku pa Victoria, yotchipa kuposa sitima, mawondo ali pachibwano mpaka ku Glasgow.

## Kuntchito ndi kumudzi

Malawi wa m'thumba uja ndikadali naye, ndipo masiku ambiri ndi amene amagwira ntchito. Munthu wa zaka 90 amene sakumbukira ngati wadya sungamuyambitse za thangata. Koma alipo ena a mitu yakuthwa, amene akamva Malawi amafuula kuti Livingstone, ndipo amenewo tsopano ndimawafunsa kuti, uti? Bambo ena amene kale anali mphunzitsi wa mbiri anandisunga m'chipinda mwawo mpaka belu la chipinda china linalira kawiri, ndipo mawa lake anandidikira ndi mafunso atalemba pa kapepala. Mayi ena anangoti zimenezo n'zakale, ndiwatsegulire TV. Ndinawatsegulira.

Chithunzi chija ndinatumiza kumudzi pa foni ya mlongo wanga, ndipo Lamulungu lotsatira bambo anaimba. Anafunsa ngati mzungu wamng'onoyo ndi amene anadulidwa mutu. Ndinati ayi, ameneyo anali mnzake. Anafunsa ngati kumakhala mlonda usiku. Kenaka anafika pa nkhani imene anaimbira.

"Sitimayo unalipira zingati?"

Ndinawauza. Ndinamva akuwerengera chapansipansi, kenaka akufunsa mlongo wanga mtengo wa paundi.

"Iwe, thumba la feteleza lathunthu ndi chenji chake, kukaona Chilembwe? Chilembwe ndili naye m'thumba muno. Ukanangonena ndikanakujambulira."

Ndinati mwezi ukatha nditumiza ya feteleza wobereketsa. Anati ndisachedwe, chimanga chafika m'mawondo.